A Chatopa ndi Chitini cha Manati

Alamu anga ankakhulupirira kuti chitsulo chimatopa. Sankanena mocheza ayi. Ankanena monga mmene munthu anganenere kuti mbuzi imamva ludzu, ndipo ukaseka ankakuyang'ana mokumvera chisoni. Dzina loti a Chatopa linachokera pamenepo, ndipo linawakanirira moti ngakhale abusa, powerenga mayina a odwala m'tchalitchi, anawatchula choncho kawiri konse asanadzikonze.

Anali akulu awo a malemu amuna anga, ndipo ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo. Shedi yawo inali kumapeto kwa msewu wathu, kuseri kwa tchalitchi. Owotcherera ena ukawapititsira chinthu amangofunsa pamene chathyoka. Iwo ankayamba ndi mafunso ngati kuchipatala: chimanyamula chiyani, kangati pa tsiku, chayamba liti. Mayi wina atapita ndi mpando wachitsulo anafunsidwa kulemera kwa amuna ake, komanso ngati pokhala amatsika pang'onopang'ono kapena amangodziponya. Mayiyo anati zimatengera ngati timu yawo ya mpira yawina. Alamu sanaseke. Anafunsa kuti timuyo imaluza kangati pamwezi.

Achinyamata ena atatsala pang'ono kukwatirana anakawotcheretsa bedi kumeneko. Mafunso amene mkwati anafunsidwa sindingawalembe pano. Ndingonena kuti anatuluka m'shedimo ali thukuta kamukamu, koma bedilo lilipo mpaka lero ndipo ana ndi anayi.

Wotsutsa ankamupatsa waya n'kumuuza kuti amukoke mpaka aduke. Munthu ankakoka, kukukuta mano, wayayo osamva kanthu. Kenako iwo ankamutenga ndi zala ziwiri, kupinda uku, kupinda uko, akuwerenga mokweza, ndipo pofika makumi awiri wayayo ankangolekana yekha.

“Mwaona? Sindinamupose mphamvu. Ndangomutopetsa.”

Vuto linali lakuti waya sankayenda naye. Ankatenga amene wapezeka pafupi. Akabwera kwathu kudzamwa tiyi n'kupeza mlendo amene sanamvepo phunzirolo, ankalowa kuchipinda osapempha n'kutuluka ndi hang'ala ya waya yopachikira zovala. Kwa zaka makumi atatu madiresi anga a kutchalitchi ankapachikidwa awiriawiri, ena atatuatatu.

Ine ndimasoka zovala, choncho ankandiona ngati mnzawo pantchito. Tsiku lina anandifunsa pamene malaya amang'ambikira. Ndinati si pakati pa nsalu, komanso kawirikawiri si pa ulusi penipeni, koma m'mphepete mwa msoko. Anawomba m'manja ngati ndakhoza mayeso. Anati chitsulonso n'chimodzimodzi: pamene msoko wowotcherera wathera pamakhala kachitunda kakang'ono, ndipo mphamvu yonse imapanikizana pamenepo ngati anthu otuluka pakhomo lopapatiza. Mng'alu umayambira pamenepo, ung'onoung'ono kuposa tsitsi. N'chifukwa chake akamaliza kuwotcherera ankakhalanso ola lathunthu akusalaza m'mphepete mwa msoko, mwini katundu akuyasamula pabenchi.

Pomaliza ankatenga penti wachikasu n'kujambula kamuvi koloza pamene mng'alu udzayambire, ndipo pambali pake ankalemba chaka. Sankadinda ndi nyundo, poti ankati bala lililonse pachitsulo ndi khomo la mng'alu. Dera lathu lonse linadzaza timivi tachikasu: pamageti, pamawilibala, pamakaliyala a njinga, pansi pa mipando. Munthu ukagwada kufuna ndalama yachitsulo imene yagwa, unkapeza chaka chikukuyang'ana.

Chimene chinawawonongera mbiri ndi geti la bambo wogulitsa mankhwala, yemwenso ndi wapampando wa komiti ya zomangamanga kutchalitchi kwathu. Chaka cholembedwa pagetilo chinafika, chinadutsa, panapitanso zaka zisanu ndi chimodzi, geti lili chilili. M'mawa uliwonse alamu akamadutsa, a wapampando ankalimenyetsa mwadala n'kunena kuti geti likupereka moni. Alamu ankaima n'kufotokoza moleza mtima kuti chakacho si tsiku la maliro a geti. Ndi chaka chimene iwo amasiyira kulichitira umboni. Pa mageti zana otere, ankatero, makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi awiri adzadutsa chakacho bwinobwino, koma iwo amalembera atatu otsalawo, chifukwa sadziwa kuti atatuwo ali pakhomo la yani. Palibe ankamvetsera mpaka kumapeto. Anthu ankangoona geti.

Tsono nkhani ya belu.

Belu la tchalitchi chathu lili pansanja, pamwamba penipeni pa khomo lolowera. Mtanda wachitsulo wopingasa umene linapachikidwapo anawotcherera ndi alamu, ndipo analembapo chaka chakutsogolo ndi zaka makumi anayi. Woimba belu ndi achimwene anga, amene anapatsidwa ntchitoyo atapuma kuyendetsa mabasi. Amaima pansi pake penipeni, chingwe m'manja, ndipo amakoka ngati mmene ankalizira hutala. Awiriwa ankakondana mwa kukangana. Alamu ankawerenga kulira kwa belu ali m'shedi, ndipo achimwene akawonjezera kasanu chifukwa cha kukoma kwa tsiku, ankawapeza atawadikira pakona.

“Mwaba kasanu lero.”

“Ndabera yani?”

“Zidzukulu zanu.”

Patatha zaka zisanu ndi zitatu kuchokera pamene mtandawo unaikidwa, a wapampando anapereka belu latsopano pokumbukira malemu mayi awo. Linali lalikulu, lokongola, lolembedwa dzina la mayiwo m'mbali. Analipachika pamtanda womwe uja alamu ali m'chipatala ndi vuto la miyendo. Lamulungu loyamba atatuluka, atangomva kulira kwake, anaimitsa moni pakati n'kukwera makwerero a nsanja atavala jekete la kutchalitchi.

Mmene anayezera ndinaona ndi maso anga, chifukwa ndine amene ndimasesa m'tchalitchimo ndipo kiyi wa nsanja amakhala ndi ine. Anamangirira pensulo pakati pa mtandawo, anagwira kakhadi kolimba atatsamiritsa dzanja kukhoma, n'kuuza achimwene kuti akoke. Mtanda ukamapindika, pensulo inkalemba kamzere. Kenako anatsegula Baibulo lawo pa Masalimo n'kutulutsa kakhadi kena kofiirira, kamene anayezera belu laling'ono lija tsiku lolipachika. Anatiika pamodzi. Kamzere katsopano kanali kotalika kawiri.

Kumsonkhano wa komiti ine ndinali wothira tiyi. A wapampando anamvetsera n'kunena kuti ngati katundu wawirikiza kawiri, ndiye kuti zaka makumi atatu ndi ziwiri zotsalazo zingogawidwa pakati, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndi zokwanira kuti komiti iganize bwino.

“Chitsulo sichiwerenga choncho,” anatero alamu. “Mukawirikiza katundu, mumagawa pakati, n'kugawanso pakati, n'kugawanso. Zatsala zaka zinayi.”

“Zinayi zake ngati za geti langa zija?”

Anthu anaseka mpaka wina anatsamwa ndi tiyi. Alamu anadzipereka kulimbitsa mtandawo, koma panafunika kutsitsa belu kwa mwezi wathunthu, ndipo a wapampando sakanalola kuti dzina la mayi awo likagone pansi litangodalitsidwa kumene. Nkhaniyo inaikidwa pa msonkhano wotsatira. Inakhala pa msonkhano wotsatira kwa zaka zinayi.

Potuluka, alamu anaimitsa abusa pakhomo n'kuwafunsa kuti mumpingo uno timafa angati pachaka. Abusa anati zimenezo zili m'manja mwa Mulungu. Alamu anavomera, koma anati Mulungu amasiya chiwerengero m'kaundula, ndipo anapempha kuti amuone. Anawerenganso maukwati.

Patatha masiku atatu anafika kwathu ndi zitini ziwiri za mkaka waufa, china chopanda kanthu, china chodzaza manati, aja omangira mabawuti. Anati nati iliyonse ikuimira kulira kwa belu kwa sabata imodzi. Lamulungu lililonse madzulo ndizichotsa imodzi n'kuiponya m'chitini chinacho. Ukwati umadya awiri. Maliro amadya atatu, chifukwa achimwene anga akamva chisoni sadziwa polekezera. Chitini chikadzatha, munthu asadzaimenso pansi pa belulo. Ndinafunsa chifukwa chimene asankhira ine.

“Simujomba kutchalitchi, simunama, ndipo mukakhala pakona anthu amaiwala kuti mulipo.”

Sindinadziwe ngati ndithokoze.

Zitinizo zinakhala pawindo, pafupi ndi makina anga osokera. Mulungu andikhululukire, koma kuyambira pamenepo mapemphero anga a odwala anawonjezera mphamvu. Ndikamva kuti agogo ena agonekedwa, ndinkagwada ndi mtima wonse, theka chifukwa cha agogowo, theka chifukwa cha manati atatu. Mtsikana wina atathetsa chibwenzi kutatsala sabata ziwiri kuti ukwati uchitike, amayi onse analira, ine ndinabweza manati awiri amene ndinali nditawapatula kale, ndipo ndinalapa pambuyo pake. Achimwene akabwera kudzacheza ankagwedeza chitini pafupi ndi khutu n'kufunsa ngati mutu wawo ukadalimo. Ankaseka. Ine ndinkawayang'ana padazi n'kulephera kuseka nawo. Pa ana asanu a mayi athu tinatsala awiri.

Alamu anali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene anaphunzira ntchito kwa bambo ake ndipo tsopano ndi mayi wa ana awiri, wowotcherera woposa amuna ambiri. Miyendo ya bambo ake itakana makwerero, iyeyo ndiye ankakwera kamodzi pachaka kukayang'ana msoko uja. Chaka chachiwiri sanapeze kanthu. Chachitatu sanapezenso kanthu. A wapampando ankafunsa mwaulemu ngati wodwala wa pansanja wagona bwanji. Alamu ankayankha kuti mng'alu umakhala nthawi yaitali ukukwawa mobisala, koma ukangoimirira umathamanga.

Chaka chachinayi alamu anagwa m'shedi, ndipo sanadzukenso bwinobwino. Mwana wawo anagawika pakati pa shedi ndi chipinda cha wodwala, za nsanja panalibe nthawi. Ndinapita kukawaona Lachisanu lina masana. Anali atachepa kwambiri pabedi limene anawotcherera okha, kamuvi kachikasu kali kumiyendo.

“Atsala angati, mlamu?”

“Awiri.”

Anatseka maso, milomo ikuyenda. “Lamulungu likubwerali lidya imodzi. Ndikapita sabata yamawa ndifuna atatu, pali imodzi. Masamu akukana.”

“Ndiye musapite.”

“Ndawerengera mtimawu. Unadutsa chaka chake kalekale, ngati geti la uja.” Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandigwira dzanja. “Musalole kuti andiimbire. Achimwene anu ndimawadziwa, adzakoka ndi mtima wonse. Ulendowu ndikufuna kupita ndekha.”

Anamwalira Lachiwiri, dzuwa likutuluka.

Ndinapita kwa a wapampando tsiku lomwelo. Anandilandira bwino, maso ali ofiira, chifukwa nawonso ankawakonda alamu m'njira yawo. Anati munthu amene watumikira mpingo zaka zonsezi sangaikidwe mwakachetechete ngati mlendo, ndipo belu lidzalira kuposa mmene linalirira pa maliro ena onse. Achimwene anati adzakoka mpaka manja atatupa, ndi mphatso yokhayo imene angamupatse mnzawo. Abusa anati akambirana ndi komiti. Mwana wa malemu anali pambali pa bokosi la bambo ake, ndipo sindikanamutuma pansanja tsiku limenelo.

Lachinayi m'mawa, tsiku la maliro, ndinapita kukasesa monga mwa masiku onse. Nditafika pansi pa nsanja ndinayang'ana chingwe. Chinali cha zigawo ziwiri, chifukwa chakale chitafupika achimwene analumikiza china ndi mfundo, pamwamba pamene munthu safika ndi dzanja. Ndinakoka benchi, pabenchi ndinaikapo mpando. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo mawondo anga amadziwa nyengo isanasinthe, koma ndinakwera. Mfundo ya woyendetsa basi si yamasewera. Ndinathyola zikhadabo ziwiri. Itamasuka ndinakulunga chingwecho n'kuchiika m'chikwama, pansi pa buku la nyimbo. Chiyambire sindinatengepo chinthu cha mwini, ndipo ndinayambira m'nyumba ya Mulungu.

Galimoto ya maliro itaonekera pakona, achimwene anavula jekete, analowa pansi pa nsanja, anatambasula manja n'kugwira mphepo. Ndinawaona akudumpha kawiri, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, kufuna kachidutswa kamene kankalendewera kutali. A wapampando anayamba kutuma anthu uku ndi uku. Abusa sanatume munthu. Anayenda molunjika kumene ndinakhala, chifukwa ankadziwa amene amasunga kiyi.

“Mayi, chingwe cha belu mwachiona?”

“Chili m'chikwama mwangamu, abusa.”

“Tipatseni.”

“Sichituluka.”

Chikwama ndinachigwira ndi manja onse awiri. Achimwene anafika akupuma mwamphamvu n'kundiuza kuti ndisawachititse manyazi pamaso pa mnzawo. A wapampando anati chisoni chandisokoneza mutu. Ndinatsegula kathumba kam'mbali, ndinatulutsa nati yomaliza ija n'kuiika m'dzanja la abusa. Ndinati yatsala imeneyi, maliro amadya atatu, ndipo mwini maliro anakana yekha.

Abusa anaiyang'ana natiyo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kumwamba, kunsanja, n'kuyang'ananso dazi la achimwene.

“Lero tiimba ndi pakamwa,” anatero.

Bokosi linalowa pansi pa belu lili chete. M'tchalitchi chathu zimenezi zinali zisanachitikepo. Amayi anzanga a m'kwaya anasiya mpata wa anthu awiri pakati pa iwo ndi ine. Kumanda achimwene anaima mbali ina, ndipo pobwerera sanandiyankhule. Ndinafika kunyumba ndikudzifunsa ngati ndamana munthu wabwino ulemu wake womaliza chifukwa cha chitini cha mkaka. Geti lija linali m'maganizo mwanga.

M'mawa mwake mwana wa malemu anagogoda pakhomo panga atavala ovolosi, maso otupa, m'manja muli botolo la parafini, sanza ndi choko chopera. Anati, “Mayi aang'ono, tengani kiyi.” Achimwene tinawapeza atakhala pamasitepe a tchalitchi. A wapampando anatiwona tikudutsa, anatseka sitolo n'kutitsatira. Tonse anayi tinakwera, ine pomalizira, ndikupemphera pa sitepe iliyonse.

Kamuvi kachikasu kanali pomwepo, penti atazilala pang'ono. Mwanayo anapala utoto m'mphepete mwa msoko, anapakapo parafini n'kudikira kuti alowe. Anapukuta mpaka pouma, anawazapo choko mpaka pamalopo panayera, kenako anagogoda mtandawo pang'onopang'ono ndi kanyundo. Anati ngati pali mng'alu, parafini amene wabisala m'katimo atuluka n'kudetsa choko. Tinadikira. A wapampando anakonza kukhosi, ndipo ndikuganiza kuti anali atakonzeka kutchula geti.

Kamzere kanayamba kuoneka pansonga penipeni pa kamuviko. Kanali kopyapyala ngati ulusi wakuda. Kanatalika tikuona, kanakhota pakona, kanatsika mbali inayo, mpaka kanazungulira kupitirira theka la msoko. Mwanayo anaika chala pa kagawo kamene kanatsala koyera. Sikanali kotalika kuposa chala chakecho.

Achimwene anavula chipewa, anaika dzanja pamutu n'kulisiya pomwepo.

“Munthu uyu,” anatero, “ngakhale atagona m'manda akundiwerengerabe.”

A wapampando anafunsa mwanayo, motsitsa mawu, ngati belu lingatsitsidwe tsiku lomwelo. Linatsitsidwa dzuwa lisanapendeke, ndipo dzina la mayi awo linagona pa matabwa awiri kwa milungu isanu popanda wodandaula. Chingwe ndinabweza kwa abusa ndi kupepesa. Anati pa machimo onse amene anthu anawaululirapo, limeneli lokha ndi limene akanakonda likanachitika msanga.

Mtanda watsopano anawotcherera ndi mwana wawo, wokhuthala, wa misoko yosalala ngati mbale. Analembapo chaka chimene palibe mmodzi wa ife adzachione, ndipo anandiuza kuti manati sakufunikanso. Tsiku lopachikanso belu, achimwene anapempha kuti aimbe kaye za mnzawo. Anakoka, misozi ikutsika, ndipo ine ndinapezeka ndikuwerenga. Anadya manati asanu. Panalibe wowadikira pakona.

Geti lija likadalipo. Koma a wapampando masiku ano amalitseka ndi manja awiri, pang'onopang'ono, ngati akugoneka mwana. Timivi tachikasu tikuzilala m'dera lonse, ndipo ana amene akubadwa pano adzayesa kuti n'zokongoletsera. M'shedi moto wa buluu ukuthwanimabe, koma ukapita ndi mpando wothyoka umafunsidwa mafunso awiri okha, ndipo umatuluka msanga, ukumva ngati sanakulandire mokwanira.

Nati yomaliza abusa anandibwezera. Ili pawindo, m'chitini chake, ndipo Lamulungu madzulo dzanja langa limapitabe komweko lokha. Mwezi watha ndinagula mahang'ala khumi ndi awiri, diresi lililonse n'kupeza pake, koyamba chikwatiwire. Dzulo ndinawawerenga. Onse alipo, onse ndi athunthu. Ndinatseka kabati n'kukhala pabedi kanthawi ndithu.